Sabata Imene Polandi Anafiira

Lolemba

Kutentha! Choko chikuchita kunyowa m'manja.

Kalata yafika pa buleki, ya pandege. Yatsegulidwa kale ndi kumatidwanso ndi guluu wabulauni. Sindikudandaula. Ndikungolemba kuti guluuyo ndi wabulauni.

Yachokera ku bungwe lija linanditengera ku Mangalande zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo kukachita kosi ya aphunzitsi a jogalafe. Akuti akonza ulendo wa masabata anayi wa ophunzira awo akale, kuti munthu akaone ndi maso zimene amaphunzitsa. Ndege, chakudya, pogona, zonse n'zawo. Changa n'kulemba mayiko atatu a ku Ulaya amene sindinafikeko, ahedi asaine ndi kudinda chidindo cha sukulu, basi. Mizere itatu yokha!

Fomuyo ikufunika ikafike mwezi uno usanathe. Ndawerengetsa masiku kawiri: ikapanda kulowa m'thumba la positi Loweruka 12 koloko isanakwane, ulendo palibe.

Za ulendo woyamba uja ndinene zoona, poti buku lino n'langa ndekha. Kuno ku Mangochi amandiloza kuti "aphunzitsi aja anapita ku Ulaya". Ndinapitadi, masabata asanu ndi limodzi. Zimene ndinaona:

- chipinda changa
- kalasi
- kanjira ka pakati pa ziwirizi
- mvula

Loweruka lililonse anzanga ankakwera sitima kukaona malo. Ine ndinkatsala, kuwerenga ndandanda ya masitima kuti ndisankhe ulendo wabwino kwenikweni. Ndinausankha ndithu. Linali tsiku lolongedza zikwama.

Ulendo uno sizichitikanso. Mfundo ndi izi:

1. Osauza munthu aliyense. Ulendo wautali saulengeza.
2. Kujambula tchati: mapiri, mitsinje, madoko, zimene ana a Folomu 3 amalephera pamayeso.
3. Kupereka malikisi dziko lililonse, mopanda tsankho.

Omwe ali pa tchati: Nolowe, Swideni, Holandi, Jeremani wa kuzambwe, Falansa, Switsalandi, Itale, Sipeni, Girisi. Asanu ndi anayi, mipando itatu. Ngati masankhidwe a ku sekondale.

Mayi a Tamanda ndawauza, poti mfundo yoyamba siikhudza munthu wogona naye nyumba imodzi. Ayang'ana fomu, ayang'ana tchati, ayang'ana ine. "Bambo a Tamanda, lembani atatu alionse pompano, mukawapeze ahedi asanaweruke. Lolemba amasaina chilichonse osawerenga."

Ndawafotokozera kuti nkhani ngati iyi imafunika kuiganizira. Akuti malaya a ukwati ndinawaganizira masabata atatu, mapeto ake ndinavala a mchimwene wanga.

N'zoona. Koma malaya si dziko.

Lachiwiri

Mfundo yoyamba yafa. Ndisanalowe n'komwe pa geti, mlonda wandilandira kuti, "Mwadzuka bwanji a ku Ulaya? Akuti mukubwerera kwanu?" Kaya ndi guluu uja, kaya ndi kalaliki wathu amene amakonda kuunika makalata a anthu padzuwa, sindikudziwa.

Ndiye mapazi ayamba kubwera.

Munthu wotuma nsapato kunja satchula nambala, poti nambala za kunja sazikhulupirira. Amaponda papepala, wina n'kuzunguliza pensulo, n'kudula ndi sizasi. Pofika madzulo ano ndili ndi mapazi asanu ndi limodzi. La akazi a ahedi n'lalitali kuposa langa. La mlonda lili papepala la mayeso a chaka chatha. Lina labwera lopanda dzina, angolilowetsa pansi pa chitseko.

Enanso:

- A Kachingwe, aphunzitsi a Baibulo, akufuna kolona yodalitsidwa ku Roma. Akuti ndikapanda kulemba Itale adzadziwa kuti ndine munthu wotani.
- Che Amidu, a golosale ya pa msewu wa kwa Mponda kumene timagula sopo ndi palafini, abwera ndi wotchi yakufa yokulunga m'kampango. Bambo awo anaigula ku Joni. Kumbuyo kwake kwalembedwa kuti inapangidwa ku Switsalandi. "Che mwalimu, muipititse kwawo. Eni ake akaiona aizindikira, walahi."

Sindinakane ndi mmodzi yemwe. Ndimangoti "tiona". Mayi a Tamanda aunjika mapaziwo pawindo, n'kuwatsendereza ndi mwala. "Anthu opanda manyazi," akutero. "Munthu sanalembe n'komwe fomu."

Komabe tchati chayenda. Falansa watuluka: Chifalansa chimene ndinaphunzira ku yunivesite chatsala chongoperekera moni ndi kupepesa. Swideni ndi Nolowe akufanana, ndatenga wa m'mphepete mwa nyanja, wa magombe ong'ambikang'ambika aja ndimawajambula pa bolodi chaka chilichonse ana n'kumaganiza kuti dzanja langa likunjenjemera. Sipeni ndi Girisi n'kotentha, ndipo kutentha ndili nako kale kokwanira. Jeremani ndi Itale aperewera malikisi pang'ono.

Opambana: Nolowe, Switsalandi, Holandi. Ndasankha! Tsiku limodzi ndi theka lokha!

Ndalemba ndi pensulo, pa tchati. Pa fomu sindinalembe, chifukwa sindinatsimikize kuti woyamba akhale uti.

Ndapita kwa ahedi 3 koloko. Atseka chitseko, chinthu chimene sachita ngakhale pokalipira mwana. "Zikanakhala dzulo, palibe akudziwa, ndikanangosaina. Koma pano mpaka kumsika akukamba za inu. A tcheyamani akamva kwa anthu kuti ndatumiza mphunzitsi kunja osawauza, mukuganiza kuti afunsa ndani? Aone kaye iwowo. Akangogwedeza mutu, cholembera ndi ichi."

A tcheyamani ake ndi a nthambi ya chipani kuno, amenenso amakhala m'komiti ya sukulu. Abwera mawa.

Zoti "zikanakhala dzulo" sindinawauze mayi a Tamanda.

Lachitatu

Ndilembe mwadongosolo, mwina ndimvetsa pamene zakhotera.

A tcheyamani afika 10 koloko, suti yakuda dzuwa lonseli, baji pachifuwa. Ndi munthu waulemu. Afunsa za umoyo wa amayi anga ku Ntcheu, andiyamikira kuti khadi la chipani ndimagula osachita kukumbutsidwa. Akuti ndi ulemu waukulu kwa nthambi yonse kuti mwana wawo aitanidwe kunja kachiwiri. Kenako akuti, "Tationetsani kumene mukupitako."

Ndawatengera m'kalasi mwanga, ahedi pambuyo. Pakhoma pali mapu athu akale a Ulaya, aja osonyeza malire a mayiko, lililonse ndi mtundu wake kuti ana asasokoneze. Ndatenga ndodo yolozera. Ndaloza Nolowe. Ndaloza Switsalandi. Ndaloza Holandi.

Zaka zinayi ndakhala ndikuyang'ana mapu amenewa tsiku ndi tsiku. Sindinaonepo kuti atatu onsewa wojambula anawapaka utoto wofiira.

A tcheyamani avula magalasi, awapukuta, awavalanso. Alankhula motsitsa mawu. "Aphunzitsi, kumisonkhano takhala tikuchenjezedwa za mayiko ofiira. Ine ndinkangomva. Lero ndawaona."

Apa m'pamene ndikanalankhula. Ndili ndi digiri. Ndinalemba pepala lonse la mayeso pa nkhani ya kajambulidwe ka mapu, ndipo ndinakhoza bwino. Ndatsegula pakamwa, ndayang'ana ahedi kuti andithandize. Ahedi akuyang'ana kudenga. "Ine ndine wa masamu," atero.

Chimene chatuluka m'kamwa mwanga ndi "Inde, bwana."

Sanakwiye. Akuti ndine wachinyamata, n'kosavuta kunamizidwa, n'chifukwa chake akuluakulu alipo. Atenga ndodo yanga ija kuti andisankhire okha.

- Jeremani amukana: aona mzere wodutsa pakati. "Lagawikana ili? Ife timafuna umodzi."
- Itale ndi wachikasu. Akuti kukuoneka kuti kuli chilala, ndikadya chiyani. (A Kachingwe ndiwauza bwanji?)
- Afunsa za dziko lalikulu lachikasu la kudzanja lamanja, lodzadza theka la mapu. Ndangoti, "N'kozizira kwambiri, bwana." Akuti ndiye lisiyeni. Limenelo ndiye lofiira lenileni, likulu la chikomyunizimu.

Akuti munthu wochokera m'dziko la alimi apite kobiriwira, akaone mmene anzathu amalimira. Obiriwira alipo asanu. Dziko la Apwitikizi alikana okha, akuti amalume awo anathawa chikoti cha anthu amenewo, iwo sangatumizeko mwana wa munthu. Ayalandi anadyedwa ndi chiswe chaka chatha, patsala bowo. Otsala atatu awawerenga mokweza, chala chili pamapu:

Polandi. Bulugariya. Alubaniya.

"Atatu ndendende, monga mmene fomu ikufunira. Mwaona mmene Mulungu amakonzera zinthu?"

Abweranso Loweruka 9 koloko kudzaonerera ahedi akusaina, kuti nawonso adzakhale mboni.

Ndangofika kunyumba n'kutsegula pasipoti yanga. Pali tsamba lija la chidindo, lotchula mayiko amene mwini pasipoti sayenera kupondako. Onse atatu, poti ndi achikomyunizimu, ali pomwepo, ngati ana a mayi mmodzi.

Zinthu zonse m'dziko muno zikuyenda bwino. (Ndalemba izi kuti mwina buku lino lingagwe m'thumba.)

Lachinayi

Folomu 3, phunziro la mitsinje ya ku Ulaya. Ndaphunzitsa nditafulatira mapu.

Njira zimene zilipo:

1. Kulemba Polandi, Bulugariya, Alubaniya. Kalata ikakumana ndi mwini guluu wabulauni uja. Ndidzayendadi ulendo, koma wa pa Landirova ya apolisi, ndipo mayi a Tamanda sadzauzidwa kumene ndapita.
2. Kulemba Nolowe, Switsalandi, Holandi. A tcheyamani adzawerenga Loweruka, ahedi adzakhalanso a masamu.
3. Kudwala.
4. Kuwauza a tcheyamani kuti alakwitsa.

Ya nambala 4 ndailemba ndi zilembo zing'onozing'ono.

Mayi a Tamanda sakuona chovuta. "Muwaonetse pasipoti. Chidindo n'cha boma, si chanu. Awerenge okha."

Ndawafotokozera. Kuwaonetsa tsamba limenelo n'chimodzimodzi kuwauza kuti, inu a tcheyamani, pamaso pa ahedi, munafuna kunditumiza kumene boma linaletsa. Munthu wamkulu sachititsidwa manyazi chotero. Adzaseka, adzandithokoza, kenako Januwale ndidzapezeka ndasamutsidwira kusukulu yopanda msewu.

"Ndiye muwapeze paokha, kunyumba kwawo."

Kunyumba kwawo kumakhala anthu nthawi zonse.

"Ndiye mukufuna muwauze bwanji osawauza?"

Funso labwino, ndipo yankho landifikira ndili pakati posamba. Mphunzitsi wabwino sauza munthu yankho, amamukonzera njira kuti alipeze yekha. Anatiphunzitsa zimenezi ku Mangalande komweko. Ndikapeza buku lina la mapu, la mitundu yosiyana ndi ya pakhoma, n'kungolitsegula patebulo osanena kanthu, a tcheyamani adzaona okha kuti mitunduyo ndi ya wojambula chabe. Adzaseka. Adzaganiza kuti atulukira okha. Palibe wochita manyazi!

Pasukulu pano buku lotero tilibe. Koma mnzanga wa ku yunivesite amene akuphunzitsa ku Malindi ali nalo, lalikulu, lachikuto cholimba. Mawa masana ndilibe kalasi.

Mayi a Tamanda akuti, "Pasipoti ili m'dirowa umu. Malindi ali kutsidya kwa Shire." Sakumvetsa kaphunzitsidwe.

Nkhani ya mapu yafika kale kumsika. Che Amidu abwera madzulo, sanalowe, aima kuseri kwa mpanda. Amva zoti Switsalandi ndi wofiira. "Che mwalimu, ndiye wotchi ija ndi ya anthu amenewo? Zaka zonsezi m'nyumba mwanga?" Ndati ndiwabwezere. Abwerera m'mbuyo, manja m'mwamba. "Iai, iai, ikhale kwa inu konko. Ine sindikuidziwa. Bambo anga sanapiteko ku Joni."

Tsopano ndili ndi wotchi yakufa yoopsa. Ndaiika m'chitini cha mchere.

A Kachingwe sakundiyankha moni. Mapazi afika asanu ndi anayi.

Lachisanu

Malindi, pa njinga, mwezi wa Okutobala, masana. Ndani anandituma?

Ndimati ndikwera lole, koma dalaivala wake ali kumzikiti, ku swala ya Lachisanu, ndipo palibe akudziwa kuti akatha anyamuka kapena akadya kaye. Ndadikira theka la ola, ndaganiza kuti njinga ifulumira. Lole yandipitirira ndisanafike pakati, n'kundisiyira fumbi lonse.

Ziwerengero za ulendo:

- tayala kuphulika: kawiri
- mchenga wofunika kutsika n'kukankha: sindinawerenge
- anthu ondifunsa ngati ndine aphunzitsi opita ku Ulaya aja: atatu
- phazi latsopano: limodzi, la mayi wina wogulitsa usipa amene sindikumudziwa n'komwe. Anaponda pa nyuzipepala pomwepo pamsewu, ine nditagwira njinga.

Mnzanga wandilandira ndi madzi a mumtsuko. Ndamufotokozera zonse. Waseka mpaka kukhala pansi, kenako wayang'ana pawindo, wasiya kuseka. Akuti bukulo analigula ndi malipiro ake oyamba, ndilibweze Lolemba lopanda banga. Akutinso, "Bwanji osangowaonetsa pasipoti?" Anthu onse akuganiza mofanana, n'chifukwa chake maphunziro sakupita patsogolo.

Ndatsegula tsamba la Ulaya.

Nolowe: wobiriwira! Switsalandi: wobiriwira! Holandi: wachikasu, koma ndinganene kuti ndi nthawi yokolola. Ndipo Polandi ndi wofiira, psuu, ngati phwetekere.

Sindikanapempha zoposa apa. Ndalikulunga m'malaya anga amkati, ndalimanga pa kaliyala ndi mphira. Pobwerera, pa mlatho, ndadzipeza ndikuimba mluzu. Ndaganiza za magombe a ku Nolowe, madzi obiriwira pakati pa matanthwe, ine nditaima pamenepo ndi jekete, osati m'chipinda ndi ndandanda ya masitima. Ndatsimikizanso dongosolo: Nolowe poyamba, Switsalandi, Holandi. Kapena Switsalandi poyamba, chifukwa cha wotchi. Ndiona mawa.

Miyendo siikumva. Mayi a Tamanda anditenthetsera madzi, asita malaya anga oyera a mawa, aika pasipoti m'thumba la jekete. "Ingokhala mmenemo," akutero. "Siilemera."

Loweruka

9 koloko, ofesi ya ahedi. Patebulo: fomu, chidindo, cholembera chotsegula kale. Envelopu ndamata masitampa dzulo. Ku positi ndi ulendo wa mphindi khumi pa njinga. Nthawi ilipo yambiri.

A tcheyamani afika 10 koloko itadutsa. Moni, amayi ku Ntcheu, kutentha. Afunsa chifukwa chake mizere ikadali yosalemba. Ndati ndimafuna ndilembe iwo akuona. Zawasangalatsa.

Ndiye ndatulutsa buku la mapu, ndalitsegula, ndalikankhira pang'onopang'ono kumbali yawo monga mwangozi. Sindinanene kanthu, monga mwa kaphunzitsidwe.

Ayang'ana. Apeza Polandi ndi chala. Chala chaima. Atuma ahedi kuti akatenge mapu a pakhoma, ndipo ahedi, munthu wa zaka makumi asanu, athamanga. Awayala pambali pa buku. Ayang'ana uku, ayang'ana uku. Ine mumtima ndikuti, eya, eya, mwatsala pang'ono, bwana.

Adzutsa mutu.

"Lachitatu Polandi anali wobiriwira."

"Inde, bwana."

"Lero wafiira."

Awerenga masiku ndi zala.

"Masiku atatu okha! Ndiye kuti kumeneko zinthu sizili bwino. Ndipo taonani uyu Nolowe, Lachitatu wofiira, lero akudzionetsa wobiriwira. Ameneyu ndiye woopsa kwambiri, wobisala."

Apa ndalankhula. Ndikufuna zilembedwe kuti ndalankhula. Ndati, bwana, mitunduyi ndi ya wojambula chabe, siitanthauza kanthu. Mawu anatuluka ang'ono ngati a mwana wa Folomu 1, koma anatuluka.

"Siitanthauza kanthu? Ndiye ana athu mumawaphunzitsa zinthu zosatanthauza kanthu?"

Ahedi ayamba kuwerenga kalendala ya pakhoma.

Dzanja langa linali m'thumba la jekete. Pasipoti ndimaikhudza, chikuto chake chofunda ndi thukuta. Kungoitulutsa, kutsegula tsamba limodzi. Ndaganiza: nditulutse tsopano, kapena ayambe amaliza kulankhula? Ndiwapatse m'manja, kapena ndiike patebulo? Ndiyambe ndi kupepesa? Njira iliyonse inali ndi ubwino wake.

Ndikadali pakati posankha, a tcheyamani andigwira paphewa. Maso awo anali achifundo, ndipo chimenechi ndiye chikundipweteka. "Aphunzitsi, ndani angatitsimikizire kuti dziko limene musankhe silikafiira inu muli m'ndege? Amayi anu ku Ntcheu ndikawauza chiyani? Dikirani kaye kukhazikike kumeneko. Ndikukutetezani ngati mwana wanga."

Ndathokoza. Ndathokozadi, ndi manja awiri!

Apinda mapu a pakhoma, anyamula ndi buku la mnzanga lija. Akuti apita nazo kwa akuluakulu a chipani kuboma kuti akaone chimene chikunena zoona, poti sukulu siingasunge mapu awiri otsutsana. Ahedi atseka cholembera. Kaphokoso kake, kakang'ono, ndikukamvabe.

Ndatuluka zitatsala mphindi makumi awiri kuti 12 koloko ikwane. Ndaima pansi pa mtengo wa mango ndi fomu yopanda dzina la dziko, yopanda siginecha, yopanda chidindo. Ndaganiza zoitumiza choncho, ndi kakalata kofotokoza. Kofotokoza chiyani? Kwa ndani? Mwini guluu awerenge kuti chiyani?

Belu la 12 koloko landipeza pomwepo.

Lamulungu

Kutchalitchi ndakhala kumbuyo. A Kachingwe andipatsa moni wa mtendere ndi nsonga za zala.

Masana ndayenda kubweza mapazi. Akazi a ahedi akuti ndilisunge, mwina chaka chamawa, phazi lawo silikulanso. Mlonda akuti iye ankadziwa kale, ulendo wolengezedwa suyenda. Sindinamukumbutse amene anaulengeza. La mayi wa usipa ndi lija lopanda dzina atsala. Che Amidu atandiona ndikubwera atseka golosale, dzuwa lili pamutu. Wotchi ikadali mumchere.

Zofunika kuchita:

- kulembera mnzanga wa ku Malindi za buku lake (ndayamba kanayi, "Wokondedwa mnzanga" ndiye wakhala bwino)
- kumatula masitampa pa envelopu ndi nthunzi
- kukonzekera phunziro la mawa

Phunziro la mawa, Folomu 3: mayiko a ku Ulaya ndi malire ake. Pakhoma patsala chibanga choyera cha makona anayi ndi misomali iwiri. Ndijambula pa bolodi ndi choko choyera, mayiko onse oyera, Ayalandi yemwe abwerere. Choko chofiira ndachichotsa m'bokosi.

Kunena zoona, mwina a tcheyamani sanalakwitse zonse. Ndikanapita, bwenzi nditaima pa siteshoni ina ku Nolowe ndi ndandanda ya masitima m'manja mpaka masabata anayi kutha. Kapena ayi. Mwina ulendo uno ndikanakwera. Sindidzadziwa, ndipo palibe tchati chimene chingandiuze.

Pobweza pasipoti m'dirowa, ndaitsegula kuti ndione tsamba lija komaliza. Mwagwa pepala lopinda kanayi, ndendende pa tsamba la chidindo. Phazi. Laling'ono, lodulidwa mosamala, chala chachiwiri chotalika kuposa chachikulu. Ndikulidziwa phazi limeneli. Pakati pake, ndi pensulo: "Zakuda, zopita nazo kutchalitchi. Chidendene chisatalike."

Ndikanatulutsa pasipoti dzulo, likanagwera patebulo la ahedi.

Ndapita nalo kukhonde kumene mayi a Tamanda akusankha mpunga. Sanadzutse mutu. "Ndimangoyesa sizasi," akutero.

Ndakhala pansi pambali pawo. Kenako ndati Loweruka likubwerali tipite kusitolo ya nsapato ya m'tauni. Ndinaona pawindo tsiku lina, zakuda zilipo mitundu itatu. Ndati ndikhoza kujambula katchati kakang'ono: kulimba, maonekedwe, mmene zingachitire ndi mchenga wa kuno.

Andilanda pensulo m'manja, aibisa mumpunga.

"Inu mudzangonyamula chikwama, bambo a Tamanda. Ndikasankha ndekha."